Kagalasi ka a Matiyasi pa Msewu wa ku Molumbo

Mpaka lero a Matiyasi akatulukira pamudzi pathu, ine ndimatenga ndowa n'kupita kumjigo, ngakhale mitsuko ili yodzaza. Anthu amati Agnesi amasunga mangawa. Eya, ndimasungadi. Onenawo sanakwere nawo lole ya ku Molumbo.

Mng'ono wanga Felesiya anakwatiwa ndi Alumando, mnyamata wa ku Mozambiki amene anafika kwathu ku Mbulumbuzi nthawi ya nkhondo n'kumagwira maganyu m'minda ya nandolo. Kwathu mwamuna ndiye amatsata mkazi, n'kumanga nyumba pamalo pa apongozi ake. Alumando anamangadi, kanyumba kopendekera kumbuyo kwa nkhokwe. Koma nkhondo itatha, anzake akubwerera, iye anakulunga mphasa, mapoto ndi mkazi yemwe, ulendo wa kwawo ku Molumbo. Amayi analira ngati pagwa maliro. Zaka zinadutsa, Felesiya osapondanso kwathu. Tinkangomva kwa ogula nandolo kuti ali ndi ana kumeneko.

Chaka chimene tinavota kachiwiri, miyendo ya amayi inatupa, kuchipatala n'kumangotipatsa timapilitsi. Tsiku lina anandiitana.

"Agnesi, pita ukanditengere mwana wanga. Mwamuna uja akakana, undibweretsere nkhope yake pachithunzi, ndiione ndisanatseke maso."

Kamera pamudzi ponse inali imodzi, ya a Matiyasi, akulu awo a amuna anga, imene anabwera nayo kuchokera ku Joni. Kanali kakang'ono, ngati sopo wochapira. Kutsogolo kwa diso lake kunali kapaipi kakafupi ka pulasitiki kamene ankakatcha adaputa, ndipo kunsonga kwa kapaipiko kunkapotokera kagalasi koyera kozungulira, ati fyuluta. Ntchito ya kagalasiko inali kutchinga diso la kamera ku fumbi ndi zala za anthu. Iwo ankakonda kunena kuti diso likakalika kamera yatha, koma fyuluta ikakalika umangogula ina. Kugula kuti? Ku Limbe konse kunalibe. Ndiye kagalasi kotetezako n'kamene ankakateteza kuposa ana awo.

Ndinapita kukabwereka.

"Alamu, kamera si mpeni woti aliyense asendere chinangwa," anatero. "Ndipita ndekha. Inu mungolipira thiransipoti ndi chakudya."

Ndinagulitsa nandolo wanga yense, amene ndinkati ndigulire malata.

Tinafika pamsewu wa Zomba dzuwa likungotuluka. Minibasi yoyamba anaikana, ati mpando wotsala ndi wakumbuyo, kumagwedeza. Yachiwiri anaikana, ati zenera silitseka, mulowa fumbi. Ine chilili ndi thumba la ufa ndi nkhuku ya Felesiya kukhwapa. Yachitatu ndinangokwera osawafunsa. Ananditsatira akung'ung'udza, kamera atailowetsa m'sokosi, sokosiyo m'kachikwama, kachikwamako atakakoleka pakhosi mkati mwa malaya. Kondakitala atawapempha kuti asendeze pang'ono, anamuuza kuti chimene anyamula ndi chodula kuposa galimoto yakeyo. Anthu anaseka, ine ndinayang'ana kunja ngati sindiwadziwa.

Ku Limbe tinapeza minibasi ya ku Muloza yooneka ngati yatsala pang'ono kudzaza. Titalipira, anthu aja anayamba kutsika mmodzimmodzi. Anali anyamata a oitanira, owakhazika dala kuti akope ife opusa. Tinatsala ine, a Matiyasi, nkhuku, ndi mayi wina wonenepa wa dengu la usipa. Ndalama kubweza anakana. Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa linafika pamutu, injini ikungolira, galimoto ikupita kutsogolo pang'ono n'kubwereranso.

Podikirapo a Matiyasi anatulutsa kamera, n'kuuzira mpweya pakagalasi, n'kumapukuta ndi kansalu kachikasu. Mayi wa usipa anatambasula dzanja.

"Tione nawo, achimwene. Kokongola bwanji!"

"Chotsani zala za nsombazo!"

Ha! Mayi uja sanali woyamba dala. Anawatukwana kuyambira pa Limbe mpaka ku Thyolo, anapuma pang'ono akudya nthochi, n'kuyambiranso pa Luchenza. Anatchula mutu wawo, nsapato zawo, mpaka amene anawabala. Potsika ku Mulanje anandiyang'ana ine.

"Amuna anu amenewa?"

"Ayi, ndi alamu."

"Thokozani Mulungu, mayi."

Pa Muloza, pamalire a dziko, tinafika chakumadzulo. Mzere wa mapepala odutsira unali wautali, ndipo titafika kutsogolo anatiuza kuti titsegule katundu, monga amachitira ndi aliyense. Ine ndinamasula ufa, nkhuku anaiona. A Matiyasi anayamba kumasula mabatani a malaya, kuvula kachikwama, kutulutsa sokosi, anthu kumbuyo akukuwa kuti akuluwo akasambire kwawo. Kenako anayamba kufotokozera wa yunifolomu ntchito ya fyuluta, munthu sanawafunse. Mmene tinkawoloka mlatho, njinga zahayala zabwino zinali zitatengedwa. Ine ndinakwera yopanda zopondera, miyendo ili lendelende mpaka ku Milanje, tauni ya tsidya la Mozambiki. Iwo anakana kukwera, ati njinga ikagwa. Anayenda wapansi, ine n'kumawadikira pakhonde la sitolo ina, nkhuku ikundinyerera pachitenje.

Tinagona pa resiti hausi ya nsikidzi. M'mawa tinapeza lole ya ku Molumbo itaima pafupi ndi msika. Dalaivala anati inyamuka pompano. Pompano wa kumeneko, abale! Anapakira matumba a mchere, migolo ya mafuta, njinga zatsopano zokulunga m'makatoni, mbuzi, kenako ife pamwamba pa zonsezo. Kenako dalaivala anasowa. Ena ankati wapita kukadya, ena ankati ali ndi mkazi kuseri kwa msika. Tinapsa ndi dzuwa la Okutobala pamwamba pa mchere mpaka milomo inang'ambika. Pafupi nane panakhala agogo ena aamuna amene ankalankhula Chilomwe chokhachokha. Ine Chilomwe ndimamva cha amayi, chopereka moni ndi chotukwanira, ndiye tinkangogawana chinangwa n'kumagwedezerana mitu.

Titanyamuka ndinazindikira kuti kwathu tili ndi misewu. Uwu unali ngalande. M'mbali munali magalimoto opsa a nthawi ya nkhondo, udzu utamera m'kati. Fumbi linali mbuu, lofiira, lolowa m'mano. Aliyense anadzifunda kumutu. Aliyense kupatula a Matiyasi, amene anaona kuti ino ndiyo nthawi yabwino yoona ngati fumbi lafika pakagalasi kawo.

"Alamu, bwezerani m'sokosi chinthucho," ndinawauza.

"Inu mumadziwa chiyani za kamera?"

Sanamalize n'komwe. Lole inagwera m'dzenje, tonse tinadumpha, mbuzi inalira, pansi pa galimoto panamveka kuti gwa! Kamera inawapulumuka n'kukamenya mgolo. Anaigwira ndi chingwe isanagwe pansi, koma kapaipi kaja kanali katang'ambika pawiri, kagalasi kakugudubuzika pakati pa matumba. Munthu wamkulu, wa ndevu zake, anakwawa pamiyendo ya azimayi akufuula kuti aliyense asasunthe. Anakapeza pansi pa phazi la agogo aja, kali bwinobwino. Anakapsompsona.

Chimene chinalira pansi chija chinali chitsulo cha sipuling'i. Lole inayenda chokwawa mpaka pakamsika kena ka mashopu ochepa ndi mtengo wa mango, n'kuzima. Dalaivala anakwera njinga kubwerera ku Milanje kukasaka chitsulo china. Tinagona pamenepo, tinadzuka pamenepo, tinagonanso. Madzi tinkagula pachitsime cha munthu wina amene ataona kuti tilibe kolowera anakweza mtengo. Makwacha ankawakana, ankafuna ndalama za kwawo, ndipo wosintha ndalama anali mlamu wake. Ufa wa Felesiya ndinayamba kuutapa, kuphika m'poto wobwereka. Mayi wina wa mwana wodwala anandipempha nkhuku, ndinamukaniza, ndipo anasiya kundiyankhula. Mtima wanga unali kwa amayi. Ndinkawerenga masiku n'kumadzifunsa ngati ndikawapeze.

A Matiyasi nkhawa yawo inali ina. Popanda kapaipi, kagalasi kanalibe pogwira.

"Basi, ulendo wafera pompano," anatero. "Popanda fyuluta sindijambula."

"Mwati chiyani?"

"Fumbi ili mukuliona? Diso likhale pamtunda? Iyayi."

"Alamu, nandolo wanga yense wathera pa inu. Mwadya, mwamwa, mwagona. Kamera imajambula ndi diso kapena ndi kagalasi kanuko?"

"Imajambula ndi diso. N'chifukwa chake sindingaliike pachiswe."

Ndinawauza mawu amene sindingawalembe pano. Agogo aja, ngakhale Chinyanja sankachimva, anaseka mpaka kutsokomola.

Pansi pa mango paja pankakhala mmisiri wokhoma zidebe ndi nyale za koloboyi. A Matiyasi anapita kwa iye ndi zidutswa za kapaipi. Mmisiri anadula chitini cha mafuta ophikira, n'kuchipinda mofanana ndi kakale kaja. A Matiyasi anakana. Anati popeza kuno fumbi ndi lambiri, chikhale chachitali, kagalasi kakhale patali ndi diso, fumbi likalowa m'mbali litope lisanafike. Mmisiri anangokweza mapewa n'kudula china, chachitali ngati chala changa chapakati. Anapinda milomo yake kuti igwire kagalasi, a Matiyasi anapaka mkati polishi wakuda wa nsapato, n'kumangirira chonsecho kukamera ndi legeni, mphira ija ya chubu cha njinga. Kamera ya ku Joni inamera mlomo ngati wa ketulo.

Anaika diso lawo pakabowo kosuzumira, kamene kali pamwamba pakona, n'kuloza mtengo, lole, ine.

"Zonse zikuoneka! Kuposa kale!"

"Chinthucho sichitchinga?"

"Ndikukuonani mpaka zala za kumapazi, alamu. Khalani chete."

Ndinalipiranso mmisiriyo.

Lole itakonzedwa tinafika ku Molumbo, n'kuyenda wapansi kufunsa mudzi wa Alumando. Felesiya ndinamupeza akusinja. Anaponya munsi n'kundigwera, akulira kuti achemwali, achemwali. Pomukumbatira ndinamva nthiti zokhazokha. Mwana amene anachoka kwathu ali ndi masaya anali ngati bango. Ana atatu anabisala kumbuyo kwake, wamng'ono ali kubere.

Alumando anatilandira ngati bwana. Anali atanenepa, ali ndi njinga ndi wailesi. Nkhuku ija anaipha tsiku lomwelo, ziwalo zabwino anadya iye, amalume ake ndi a Matiyasi. Titadya ndinanena chimene ndinabwerera.

"Amayi akudwala kwambiri. Akufuna Felesiya, ngakhale sabata imodzi."

"Nanga munda asosa ndani? Mvula ili pafupi."

"Ndi mayi ake omubala."

"Akapita kumeneko mukamugwira, sabweranso. Ndimakudziwani anthu a ku Mbulumbuzi."

Pamenepo sananame, tikanamugwiradi. Ndinachonderera, ndinakalipa, ndinagwada ndithu pamaso pa munthu amene ankatipalira nandolo. Felesiya ankangoyang'ana pansi. A Matiyasi, m'malo mondithandiza monga mwamuna wa kwathu, anali kalikiliki kuonetsa amalume aja chitini chawo.

Chinatsala ndi chithunzi. Ndinati Felesiya aime yekha pakhoma, nkhope ioneke bwino.

"Mkazi wanga sajambulidwa yekha ndi mwamuna wina," anatero Alumando. "Tijambulidwa tonse, monga banja."

Anatulutsa mipando. Iye anakhala pakati, wailesi pamwendo, amalume uku, mchimwene wake uku. Azimayi ndi ana anawayalira mphasa m'mbali, monga zimakhalira pamaso pa akuluakulu. Felesiya anakhala kumapeto kwenikweni, atavala chitenje chimene amayi anamutumizira. Ndinati asendere pakati. Amalume aja anandiyang'ana ngati ndatukwana, Felesiya n'kundinong'oneza kuti achemwali musandiyambitsire milandu, inu mupita, ine nditsala.

Kunkawomba kamphepo. Ndinapita kwa a Matiyasi, ndinatsitsa mawu.

"Alamu, ndapota nanu. Chotsani chitinicho kamodzi kokha. Chimodzi chokha mujambule ndi diso lenileni, kenako mubwezere."

"Mphepo iyi? Mukufuna mundiphere kamera?"

"Kamphindi kamodzi."

"Felesiya ndikumuona bwinobwino, ndi mwana yemwe. Pitani mukakhale."

Anajambula kangapo, mpaka filimu inatha. Ine ndinakhala pafupi ndi mng'ono wanga, kumphepete komweko.

Za pobwerera sindinena zambiri. Lole ina, fumbi lomwelo, ine ndi a Matiyasi osayankhulana kuyambira ku Molumbo mpaka ku Limbe. Filimu tinaisiya pa situdiyo ina kuti aitsuke, anati tibwere Lachisanu. Kunyumba ndinapeza amayi akadali moyo, atagona pakhonde.

"Wakana?"

"Wakana. Koma chithunzi chikubwera."

"Ali bwanji mwana wanga?"

"Ali bwino, amayi. Wanenepa."

Lachisanu ine ndi a Matiyasi tinapita ku Limbe. Mtsikana wa pa situdiyo anatipatsa envulopu osatiyang'ana kumaso. Ndinatsegulira pakhomo pomwepo. Chithunzi choyamba chinali chakuda bii, pakati pokha pali kabwalo kowala ngati ukusuzumira m'nsungwi. M'kabwalomo munali Alumando, mano onse pamtunda, wailesi pamwendo. Chachiwiri chimodzimodzi. Chachitatu Alumando ndi khutu la amalume ake. Azimayi, ana, ine, Felesiya, tonse tinamezedwa ndi mdima wa chitini.

Paja kabowo kosuzumira kali pakepake, pamwamba, sikaona zimene diso la kamera likuona. A Matiyasi ankaona bwalo lonse, pamene diso linkasuzumira m'chipaipi chachitali chopaka polishi. Anazindikira okha, ndinawaona nkhope ikugwa. Ndinadikira kuti anene pepani. Anayamba ndi mmisiri, ati sadziwa ntchito. Kenako Alumando, ati akanaika mkazi pakati. Kenako anamasula legeni, anachotsa chitini, n'kupendeketsa kamera padzuwa.

"Komabe taonani, alamu. Diso silinakalike n'pang'ono pomwe."

Ndinawalanda chitini chija n'kuchiponya pakati pa msewu, basi inachiponda ndi kagalasi komwe. Anakuwa ngati ndawapha. Anthu anasonkhana, ine ndinakwera minibasi ndekha, iwo ndinawasiya akutola magalasi.

Njira yonse ndinkaganiza zonama, kuti filimu inapsa. Koma amayi anali atauza mudzi wonse kuti lero aona Felesiya. Ndinawapeza atasamba, atavala mpango wa kutchalitchi, atatsamira khoma. Anatambasula manja onse awiri.

Anayang'ana chithunzi choyamba, nkhope ya munthu amene anawalanda mwana ikuwasekerera. Anachiika pansi chozondotsa, anatenga china, n'kuchiikanso pansi. Pa chomaliza anaima. Pamenepo zikuoneka kuti dzanja la a Matiyasi linagwedera, kabwalo kanasendera kumbali. M'mphepete mwake, pamene kuwala kumathera, munkaoneka mkono umodzi, kuyambira pachigongono mpaka zala, utagwira phewa la mwana.

"Mkono uwu ndi wa ndani?"

"Wa Felesiya, amayi."

Anachiyandikitsa kumaso, anachitalikitsa, anachiyandikitsanso. Anayendetsa chala chawo pamkonopo pang'onopang'ono.

"Agnesi, wandinamiziranji? Mwana wanga waonda."

Anandituma lezala. Anadula mosamala kachidutswa ka mkonoko, zotsalazo anandipatsa kuti ndikasonkhezere moto. Kachidutswako anakamanga pansonga ya chitenje, ndipo posamba pokha m'pamene ankakamasula. Anamwalira chimanga chikumasula ngayaye, ndipo tinawaika nako m'manda.